Rozi lofiira la ku Linden: ndi Papa Meilland kapena Mister Lincoln?

Funso lachokera kwa mbale wathu wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Linden, kuno ku Joni. Akuti pakhomopo pali rozi lofiira modera, lonunkhira moti akamasesa m'mawa fungo limawapeza asanalifike n'komwe. Patsinde pake anapeza kachitsulo kolembedwa mayina awiri, Papa Meilland ndi Meisar, koma mayi a nyumba yoyandikana akuumirira kuti duwalo ndi Mister Lincoln poti iwonso ali nalo. Madamu akufuna kugula lina lofanana nalo. Mbale wathuyo akufunsa kuti dzina lenileni ndi liti, n'chifukwa chiyani duwa limodzi limakhala ndi mayina angapo, ndiponso ngati angatengeko kukabzala kumudzi.

Achimwene, choyamba kachitsuloko musakataye. Ngati kachita dzimbiri, kapukuteni ndi kansalu konyika m'mafuta, mukamangirirenso patsinde ndi waya wosathina. Pa mkangano wanuwo mboni yodalirika ndi kameneko. Ndagwira ntchito pa nazale ya marozi kuno ku Gauteng zaka zopitirira 20, ndipo ndaona kuti anthu amaiwala zimene anabzala, nyumba zimagulitsidwa, eni ake amasamuka, koma kachitsulo kamene kanabwera ndi mbewu kuchokera ku nazale kamanena zoona pokhapokha wina atakasuntha. Duwa lanulo ndi Papa Meilland, ndipo Meisar ndi dzina lake lina. Komabe mayi apafupiwo musawaseke. Sanaphonye patali, chifukwa maluwa awiriwa ndi apachibale, bere limodzi.

Kuti mumvetse chibalecho, yambani mwadziwa mmene mtundu watsopano wa rozi umabadwira. Katswiri amathothola timasamba ta duwa lisanamasule, n'kuchotsa tinthu timene timanyamula mungu kuti lisadzibereketse lokha. Kenako amatenga mungu wa duwa lina ndi kaburashi n'kuupaka pamenepo. Pakatha miyezi ingapo pamabwera kachipatso kokhala ndi njere. Njere iliyonse ikamera imatuluka mwa yokha, monga ana a mayi mmodzi: wina wamtali, wina wodwaladwala, wina watengera nkhope ya agogo. Pa mbande zikwizikwi katswiri amasunga zochepa, zotsalazo amazula, ndipo kuyesa zosungidwazo kumatenga zaka 8 mwina 10 dzina lisanaperekedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya anthu odekha okhaokha.

Makolo a duwa lanu ndi awiri. Mayi ndi Chrysler Imperial, rozi lofiira lonunkhira limene Walter Lammerts anatulutsa ku America mu 1952, ndipo analitcha dzina la galimoto. Bambo ndi Charles Mallerin, rozi lofiira bii la ku France. Banja la Meilland litakwatitsa awiriwa linapeza Papa Meilland, amene anatuluka pamsika mu 1963. Ku California akatswiri ena awiri, Herbert Swim ndi O. L. Weeks, anakwatitsanso makolo omwewo, ndipo mu 1964 anatulutsa ana awiri, Mister Lincoln ndi Oklahoma. Ndiye mayi mmodzi, bambo mmodzi, ana atatu, onse ofiira modera, onse onunkhira mwamphamvu. Wina akawasokoneza sindimudabwa, inenso anandisokonezapo.

Chaka changa chachiwiri pa nazale ina, tikukonza mizere mu Julaye mbewu zonse zili mbulanda titazidulira, ndinachotsa timalebulo pa mizere iwiri yoyandikana kuti ndipalire bwino, n'kutibwezera mosinthanitsa. Palibe anazindikira mpaka Okutobala. Mayi wina wokalamba anabweranso atanyamula duwa m'botolo la madzi. Anali atagula Papa Meilland kuti abzale pamalo pamene malemu amuna awo anabzala lina kalekale, ndipo atangonunkhiza duwa loyamba anadziwa kuti si limenelo. Sanakalipe. Anangoika botolo patebulo n'kunena kuti duwali n'labwino, koma si la amuna anga. Zinandipweteka kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindichotsa lebulo pambewu ndisanamangirire ina.

Tsopano dzinalo. Papa Meilland anali munthu, dzina lake Antoine Meilland, wobadwa mu 1884. Anaphunzira za marozi ali mnyamata ndipo anakagwira ntchito kwa Francis Dubreuil, mlimi wa marozi wa ku Lyon, mpaka anakwatira mwana wake, Claudia. Mwana wawo Francis Meilland, wobadwa mu 1912, ndi amene anatchukitsa banjali padziko lonse. Amene anamulimbikitsa ndi kumuphunzitsa kukwatitsa maluwa anali Charles Mallerin, injiniya amene ankabereketsa marozi kufupi ndi Grenoble, ndipo Francis anathokoza mphunzitsi wakeyo pomutchulira duwa lija limene ndi bambo a duwa lanu. Francis anamwalira mu 1958 asanakalambe, n'kusiya ntchito m'manja mwa mkazi wake Louisette ndi mwana wawo Alain, amene anali ndi zaka 18 zokha. Agogo aja anali akadali moyo, ndipo onse pakhomo, ana, adzukulu ndi antchito, ankangowatchula kuti Papa. Patapita zaka zisanu mdzukuluyo anatulutsa rozi lofiira lonunkhira kuposa onse amene anali nawo, n'kulipatsa dzina la agogo akewo, osati la pa chikalata koma lija ankawaitana nalo kunyumba. Antoine anamwalira mu 1971, kutanthauza kuti analiona duwalo ndi maso ake kwa zaka 8.

Mbiri imeneyi kwa ife si yachilendo. Kwathu mwana akabadwa amapatsidwa dzina la agogo kuti dzinalo lisafe, ndipo azakhali akafika amamugwira mwanayo mwaulemu ngati akugwira malemu eni dzina. Ine ndikamadulira Papa Meilland ndimaganiza za mnyamata wamasiye uja, bambo atapita, akuyang'ana mizere ya mbande kufunafuna imodzi yoyenera dzina la nkhalamba imene inayambitsa zonse. Pa mayina onse a marozi amene ndimawadziwa, ili ndi limene ndimaliona kuti linagwera pamalo pake. Mayina ambiri masiku ano amachita kugulidwa: kampani, sukulu kapena bungwe limalipira kuti mbewu yatsopano itchedwe dzina lawo. Si zoipa, ndalamazo zimathandiza obereketsa maluwa, koma dzina lotere silikuuzani kanthu za duwalo kapena za amene analipanga.

Chinthu china chimene chimandikhudza n'chakuti Papa Meilland yense padziko ndi mbewu imodzi yomweyo. Rozi lotere silichulukitsidwa ndi njere, chifukwa njere zake zikhoza kutulutsa chinthu china. Amadula kadiso kamodzi panthambi, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la chitsa cha rozi lina lolimba mizu, monga timachitira pomezanitsa mango kapena malalanje. Kadiso kaja kakaphuka, kumtunda kwa chitsacho amadulako. Ndiye chitsamba chimene mumathirira ku Linden ndi chidutswa cha mbande ija inamera ku France zaka zopitirira 60 zapitazo, chongopatsirana kuchokera dzanja ili kupita dzanja ilo. Mukaona pakhosi pa mbewu, pamwamba pang'ono pa dothi, pali chotupa ngati bondo. Pamenepo ndi pamene anamezanitsa. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa bondolo, ya masamba ang'onoang'ono otuwa, si Papa Meilland, ndi chitsa chija chikufuna kulanda ufumu. Fukulani dothi, muithyole pamene yayambira penipeni.

Nanga Meisar? Limeneli ndi dzina la m'kaundula. Zilembo zitatu zoyambirira zimakuuzani banja kapena kampani imene inabereketsa mbewuyo: MEI ndi Meilland, KOR ndi Kordes wa ku Germany, TAN ndi Tantau, AUS ndi David Austin wa ku England, HAR ndi Harkness, LUD ndi Ludwig wa konkuno. M'mabuku ena mudzapeza alemba Meicesar, ndi duwa lomwelo. Chifukwa chake n'chakuti dzina logulitsira limasintha dziko ndi dziko, pomwe obereketsa amafuna kuti mbewu yawo idziwike ndi dzina limodzi kulikonse, makamaka pa nkhani ya umwini ndi malipiro. Mgwirizano wa mayiko woteteza obereketsa mbewu, umene umatchedwa UPOV, unasainidwa ku Paris mu 1961, ndipo kaundula wa mayina a marozi a dziko lonse wakhala m'manja mwa American Rose Society kuyambira 1955. Ambiri a ife kuno tikudziwa mmene zimakhalira: pantchito amatiitana dzina limene abwana anaona kuti n'losavuta palilime lawo, kumudzi amatiitana ndi mfunda, koma pa Beitbridge chimene chimagwira ntchito ndi chimene chalembedwa mu pasipoti. Meisar ndi dzina la mu pasipoti.

Rozi loyera limene ladzaza m'mipanda ya Joni yense, lija timati Iceberg, kwawo ku Germany ndi Schneewittchen, ndipo m'kaundula ndi KORbin, la Reimer Kordes, 1958. Lina lonunkhira kwambiri lofiira mowala limene ena amati Duftwolke ena Fragrant Cloud ndi limodzi, TANellis. Koma lodziwika kwambiri pa nkhani ya mayina ndi la banja la Meilland lomweli. Francis anakwatitsa maluwa mu 1935 n'kupeza mbande imene anailemba nambala 3-35-40. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inabalalitsa nthambi zake ku mayiko osiyanasiyana, makalata osayenda, aliyense n'kulitcha mwa iye yekha. Ku France Francis analitcha Madame A. Meilland pokumbukira mayi ake Claudia, amene anali atamwalira. Chilembo A chija n'cha Antoine, monga timanenera kuti mayi Phiri potchula mkazi ndi dzina la mwamuna wake. Ku Germany linakhala Gloria Dei, ku Italy Gioia, ndipo ku America analitcha Peace pa 29 Epulo 1945 mumzinda wa Pasadena, nkhondo ya ku Ulaya ili kumapeto. Mwina pakhomo panupo liliponso, lachikasu lokhala ndi pinki m'mphepete. Ngati lilipo ndiye kuti m'gadeni mwanu muli agogo aamuna ndi agogo aakazi a Alain, Antoine ndi Claudia.

Kuti musiyanitse abale atatu aja, musadalire duwa limodzi lothyoledwa, yang'anani chitsamba chonse. Mister Lincoln amakwera njoo, nthambi zazitali zowongoka, ndipo kuno akapanda kuduliridwa bwino amapitirira mutu wa munthu, kumunsi kuli miyendo yokhayokha yopanda masamba. Duwa lake likamasula limayanzika kwambiri mpaka kuonetsa pakati. Oklahoma ndiye wakuda kuposa onse, likadali lotseka limaoneka ngati khala, ndipo likamasula limadzaza ngati mpira. Duwa limeneli analisankha kukhala duwa la boma la Oklahoma mu 2004. Papa Meilland ali pakati. Tengani kasamba kamodzi ka duwa lake mukayang'anitse padzuwa: pamwamba n'posalala ngati nsalu ya veleveti, pali mthunzi wakuda umene umasuntha mukamakatembenuza, ndipo timitsempha take timaoneka bwinobwino. Onse atatu duwa likakalamba limatembenukira ku mtundu wa pepo. Madamu akadandaula zimenezi muwauze kuti si matenda, ndi za kumtundu. Njira yachidule n'kupempha mayi apafupiwo duwa limodzi la kwawo, muike awiriwo m'mabotolo awiri m'mawa womwewo, muone ndi kununkhiza pamodzi. Mwina mudzapeza kuti onse awiri mukunena zoona, aliyense za duwa la kwake.

Za fungolo. Silichokera pakati pa duwa ngati mmene ambiri amaganizira, limachokera m'timasamba ta duwa tomwe, mmene muli timafuta timene timauluka kukafunda. Ena mwa mafutawo ndi geraniol, citronellol ndi nerol. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Saint-Étienne ku France anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science. Pofuna kudziwa chimene chimanunkhiritsa rozi, anayerekeza Papa Meilland ndi Rouge Meilland, duwa lofiiranso koma lopanda fungo lambiri, ndipo anapeza kuti m'timasamba ta Papa Meilland muli puloteni yambiri yotchedwa RhNUDX1, imene imathandiza kupanga geraniol. Pamene anafuna chitsanzo cha rozi lonunkhira, anasankha lomwe mumaseserera pansi pakelo. Linalandiranso mendulo ya Gamble ya fungo mu 1974, ndipo mu 1988 bungwe la World Federation of Rose Societies linaliika pa mndandanda wa marozi okondedwa kwambiri padziko. Marozi a m'sitolo, aja amabwera m'mapepala apulasitiki, ambiri sanunkhira chifukwa anawabereketsa kuti apirire ulendo ndi kukhalitsa m'madzi, fungo silinali patsogolo. Mukafuna kuti m'nyumba mununkhire guu, dulani m'mamawa duwa limene langoyamba kumasula, muliike m'madzi nthawi yomweyo.

Sindikubisirani, duwali lili ndi zofooka zake. Limagwidwa msanga ndi matenda a ufa woyera pamasamba anthete, makamaka usiku kukamazizira masana n'kumatentha. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikalimbikira, madontho akuda amagwetsa masamba, ndipo mbewu yopanda masamba siphuka maluwa. Musadikire kuti matenda aoneke, poperani mankhwala pakatha masabata awiri alionse nyengo ya mvula, ndipo masamba ogwa muziwatola. Mu Seputembala ndi Okutobala kukauma, tembenuzani tsamba muone kunsi ngati kuli kangaude wofiira. Mbewu ya ludzu ndi imene amaikonda. Dzuwa la kuno n'lakuthwa poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo limawauka m'mphepete mwa duwa lakuda chotere. Latsopanolo mulibzale pamene dzuwa la m'mawa limafika kwa maola 6, koma la madzulo n'kuphimbika pang'ono, kutali ndi mizu ya mitengo ndi khoma lotentha. Kuthirira kukhale kozama, kawiri kapena katatu pa sabata, m'mamawa kapena dzuwa litalowa monga amalamulira a madzi, ndipo pansi muphimbirepo udzu wouma kapena makungwa. Kudulira kuno timachita kumapeto kwa Julaye, maluwa oyamba n'kubwera mu Okutobala. Chenjeraninso ndi tizilombo takuda ta mawanga achikasu timene kuno amati CMR. Timadya maluwa, ndipo mukatiphwanya ndi dzanja timatulutsa madzi otupitsa matuza. M'mawa tikadali tozizidwa, tigwedezereni mu ndowa ya madzi a sopo.

Pogula, pitani ku nazale ya marozi okhaokha. Yaikulu ndi Ludwig's Roses kumpoto kwa Pretoria, imene Ludwig Taschner anayambitsa mu 1971, ndipo ali ndi nthambi yawo kuno ku Joni. Mupite mu Okutobala kapena Novembala mbewu zili ndi maluwa, mutatenga duwa la pakhomo panu m'botolo ndi chithunzi cha kachitsulo kaja pafoni. Mutchule mayina onse awiri. Ngati latsopanolo likalowe pamene panali rozi lina, chotsani dothi lakale wilibala yathunthu muikemo lina losakaniza ndi kompositi, chifukwa rozi silikula bwino m'dothi limene mnzake wangochokamo. Tsiku lopuma mukhoza kuyendanso wapansi kupita ku munda wa marozi wa ku Emmarentia, si patali ndi Linden, mukazolowetse mphuno kusiyanitsa mafungo.

Zotengera kumudzi n'zotheka. Umwini wa obereketsa mbewu umatha pakapita zaka 20 kapena 25, ndiye duwa la 1963 aliyense angalichulukitse. Ntcheu wa kumtunda, mbali za Tsangano ndi Lizulu, n'kozizira bwino ndipo marozi amakondwa. Koma mbewu yamoyo sidutsa malire ngati katundu wamba. Pamafunika chilolezo cha unduna wa zaulimi wa kwathu ndi chikalata cha kuno chotsimikiza kuti ilibe matenda. Lamuloli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa kachilombo kobisala pa kanthambi kamodzi kangathe kukavutitsa minda ya anthu osalakwa. Yambani mwafunsanso m'manazale a ku Lilongwe ndi Blantyre, mwina lilipo kale.

Mapepala akatheka, nthawi yabwino ndi yodulira, poti nthambizo zimakatayidwa ndithu, komabe pemphani kwa madamu. Sankhani nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20, zokhala ndi maso anayi. Zikulungeni m'nyuzipepala yonyowa, muike m'pulasitiki, ndipo m'basi zisakhale pafupi ndi injini kapena pawindo la dzuwa podutsa ku Tete. Mukafika zikani magawo awiri mwa atatu mumchenga wa kudambo wosakaniza ndi dothi, pamthunzi, ndipo pasaume. Tengani zambiri, 10 kapena kuposa, chifukwa mtundu umenewu sugwira mizu mosavuta, ndipo zimene zagwira zimakula pang'onopang'ono kusiyana ndi zomezanitsa. Ngati kwanuko kuli wodziwa kumezanitsa mitengo ya zipatso, m'patseni maso angapo aike pa chitsa cha rozi lakale lija limapezeka pa mishoni ndi m'mipanda. Dzina musalembe ndi inki, imafufutika isanathe mvula imodzi. Dulani kachidutswa ka chitini, mulembepo ndi msomali mayina onse awiri, Papa Meilland ndi Meisar, pansi pake muikepo chaka chimene mwabzala.